Mayi Amene Anapatukira Mkamwini Pakati pa Lilongwe

Zimene mukunena pachigayo ndi pamjigo ndazimva, musaganize kuti sizindifika. Akuti a Liness ataya mwambo. Akuti amakhala mphasa imodzi ndi mkamwini wawo, kumwa naye tiyi, kumuyang'ana m'maso opanda manyazi. Akuti tsiku la msika munawaona pa Santhe atakwera njinga yamoto ya mkamwiniyo, atamugwira jekete. Eya, zonsezo n'zoona. Anakwera, ndipo adzakweranso. Koma inu amene mukutafuna dzina la akulu anga, munalipo tsiku limene anapita ku Lilongwe? Khalani pansi ndikuuzeni ine Malita, mng'ono wawo wa bere limodzi, chifukwa eni akewo miseche sayankha ndipo sadzayankha.

A Liness ndi munthu wa fodya chibadwire. Ali kamtsikana ankalawirira ku nazale ndi keni yothirira, ndipo atakwatiwa mwamuna wawo anadzamanga chigafa kuseri kwa nyumba ya amayi athu. M'chigafa mmenemo ndi mmene mwathera zaka zawo: kuthyola, kusoka, kupachika pa mikangala, kutsitsa, kusankha tsamba ndi tsamba mpaka msana kuuma. Mukadzawagwira chanza mudzaona nokha, zala zawo zinada ndi utomoni wa fodya ndipo palibe sopo amene anauchotsapo. Fodya wa manja amenewo wayenda, abale. Wapita ku Kanengo, wapita ku Chinkhoma, ena amati mpaka amawoloka nyanja. Koma mwini wake, kufikira chaka chathachi, anali asanapitirirepo pa boma la Kasungu. Woperekeza mabelo anali amuna awo, malemu alamu anga, amene ankabwerako ndi nsapato zatsopano, nkhani za m'tauni ndi fungo la mowa. Akulu anga ankalandira chitenje chimodzi, n'kugwada, n'kuomba m'manja. Ine zinkandiwawa ngati ndasoka fodyayo ndine, koma ndikalankhula ankangoti, "Iwe Malita, pakamwa pakopo padzakupweteketsa."

Mwana wawo wamkazi anali mmodzi yekha, Vera, ndipo ankamukonda mpaka ana awo aamuna kuchita nsanje. Vera anakwatiwa ndi Misheck, mnyamata wa ku Njombwa, wofatsa, woleredwa mwachikale. Anadzakhala chikamwini pamudzi pathu, ndipo apa ndi pamene muyenera kumvetsetsa. Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi amaopana. Ambiri masiku ano amangochita mwa dzina chabe, koma awiriwa anakumana okhwima okhaokha. Misheck akamabwera panjira ya kudimba ankatsokomola ali patali, katsokomoledwe kakekake kouma, kakafupi, kuti apongozi adziwe kuti akubwera. A Liness akamva ankapatukira m'tchire, n'kufulatira, n'kugwada mpaka adutse. Zolankhula zonse zinkadzera mwa Vera. Vera akachokapo ankalankhulana khoma lili pakati, aliyense maso pansi, mawu ngati a munthu wodwala. Ngakhale pa chinkhoswe pomwe, uyu anazolika mutu, awa anafunda chitenje kumutu.

Mukuseka, eti? Sekani, koma ndikunenetsa: zaka zonsezo akulu anga anali asanayang'anepo nkhope ya mkamwini wawo, nayenso anali asanayang'anepo yawo. Iwo ankamudziwa ndi kutsokomola kwakeko komanso mapazi, makamaka chala chachikulu cha kumanzere chimene chinang'ambika ndi khasu. Iye ankawadziwa ndi msana, ndiponso zitenje zawo zakumunda zimene mudzi wonse unkazidziwa. Ndipo inu nomwe mukuwanyoza lero ndi amene munkawaloza pophunzitsa ana anu kuti, "Taonani a Liness ndi mkamwini wawo, ulemu ndi umenewo." Ine mwambowu umandikhudzanso poti ndine mayi wamng'ono wa Vera, koma ndimagulitsa tiyi pa Santhe, ndipo munthu sungagulitse tiyi utayang'ana pansi. Nkhope ya Misheck ndinkaidziwa bwinobwino.

Chaka china matalala anaboola fodya yense wa Misheck ali m'munda, iye n'kunena kuti basi, zakwana. Anapita ku Lilongwe kukayendetsa kabaza wa njinga yamoto, ndipo atapeza kanyumba anadzatenga mkazi wake. Mimba kwa Vera inachedwa kubwera, anthu mpaka anayamba kunong'onezana, anthu ake omwewa. Uthenga utafika wakuti Vera ndi woyembekezera, ndinawapezerera akulu anga akuvina okhaokha m'chigafa, fodya ali m'manja.

Ndiye tsiku lina masana, nyengo yosankha fodya, foni yanga inalira. Ine ndinali chigonere ndi pulasitala kumwendo nditagwa pa njinga, ndipo akulu anga anali kwanga akundisesera panyumba. Woimba anali Misheck. Anati Vera amugoneka kuchipatala chachikulu, miyendo yatupa, magazi akuthamanga kwambiri, ndipo madokotala anena kuti mwanayo amuchotsa pa opaleshoni mawa lake dzuwa likapendeka. Kenako anapatsira Vera, ine n'kuika foni kukhutu kwa akulu anga. Mawu ake ndinkawamva ndili pomwepo.

"Amayi, bwerani," anatero Vera. "Ndikuopa. Ndikufuna mundigwire dzanja ndisanalowe. Musachedwe, amayi."

Chimene mwana anapempha ndi chimenecho basi. Sanapemphe ufa, sanapemphe nkhuku. Anapempha kuti amayi ake afike asanamulowetse.

Woyenera kuwaperekeza anali achimwene athu a Walter, eni mbumba, nkhoswe ya ukwati womwewo. Kodi anapita? Aaa, iwo? Anati jeke yodindira mabelo angobwereka kumene, mwini wake akuifuna, sangaisiye. Jeke! Mwana wa mlongo wako ali pa bedi lachipatala, iwe mtima uli pa jeke. M'malo mwa miyendo, anapereka pakamwa. A Walter paunyamata wawo anakwerapo pamwamba pa lole ya fodya kupita ku Kanengo, ndipo chiyambire pamenepo aliyense wa m'mudzi mwathu wopita ku Lilongwe koyamba amayamba wamva malangizo awo, afune asafune. Madzulo amenewo anakhala pa mpando pakhonde panga, mwendo pamwamba pa unzake, n'kuyambapo.

"Liness, tauni si Santhe. Ukatsika m'depoti usaime n'kumayang'anayang'ana ngati nkhuku yachilendo. Uziyenda ngati ukudziwa kumene ukupita. Nyumba zosanja usaziyang'ane m'mwamba, angadziwe kuti ndiwe wakumudzi. Chikwama chizikhala kutsogolo, ndipo wina akati ndikunyamulireni, ukane. Msewu uziwoloka pamodzi ndi gulu. Munthu akakupatsa chakudya kapena chakumwa, usalandire."

Mpaka pamenepo ndinalibe nawo mlandu. Koma a Walter akayamba sadziwa posiyira.

"Kumeneko aliyense azikuitana kuti mayi, mayi. Usacheuke. Wina akakufunsa kuti kwanu n'kuti, usayankhe. Akuba amayamba choncho, kenako amati ndine m'bale wanu. Njira usafunse, amasocheretsa dala. Zitenje zako zakumundazo usiye, alamu ako akubwereka chatsopano. Foni uithimitse, uimange pa mpango m'chiuno, mkati mwa zovala, ndipo usaitulutse mpaka utalowa pa geti la chipatala."

"Achimwene," ndinatero ine, "foni ikathima, Misheck akawapeza bwanji?"

"Iwe Malita, takhala chete. Wogwa pa njinga m'mudzi momwe muno angatiphunzitse za tauni? Misheck akakhala ataima pomwe minibasi za kuno zimatsitsira. Munthu angalephere kuona apongozi ake?"

Pakhonde ponse palibe amene anakumbuka kuti awiriwa sadziwana nkhope, ndipo eni akewo sakanatha kunena zimenezo pamaso pa mlongo wawo. Anangomvetsera ngati ali m'tchalitchi. Munthu ameneyu moyo wake wonse anamvera bambo athu, kenako mwamuna, kenako a Walter, ndipo mawu ukamuuza amawasunga onse osataya limodzi. Kutacha anasamba, n'kuvala chitenje chobwerekacho, n'kuthimitsa foni ndi kuimanga m'chiuno. M'chikwama anaikamo matewera amene anasoka okha, kabulangete ka mwana ndi mtedza wokazinga umene Vera ankaukonda. Anandilawira kuti, "Ndapita, uzitipempherera," n'kukakwera minibasi yoyamba.

Zotsatirazi ndinazimva kwa onse awiri, aliyense payekha, ndipo sizisiyana. Minibasi inadzera ku Chinkhoma, Madisi, Mponela. Pofika pa Kanengo akuti anamva fungo la fodya likulowa pawindo, n'kunena chamumtima kuti, kani ndi kuno kumene amabwera. Anafika m'depoti dzuwa lisanatenthe, nthawi ikadalipo yambiri. Atangoponda pansi, phokoso linawaphimba. "Mayi, Kawale! Mayi, Likuni! Mayi, ndikunyamulireni!" Wina anawakoka chikwama, iwo n'kuchifungatira pachifuwa. Ndiye monga anawauzira, anawongola msana n'kuyamba kuyenda mwachangu ngati munthu wodziwa kumene akupita.

Misheck anali pomwepo. Anamusiya Vera pa bedi m'mawa umenewo chifukwa Vera yemweyo anamuthamangitsa kuti, "Pitani mukawachingamire amayi, angasochere." Anaima pakhomo penipeni pa minibasi, atavala monga a kabaza onse amavalira: helemeti kumutu, jekete lonyezimira, nsapato zazikulu. Amayi akutsika, maso ake anagwa pansi monga mwa chizolowezi, akufufuza zitenje zimene ankazidziwa. Panalibe ngakhale chimodzi. Anaona mayi wina wa chitenje chatsopano akuchoka mwachangu, mtima n'kumuuza kuti ayese. Anamutsatira, n'kupinda mawondo pang'ono, n'kufunsa chapansipansi, mawu akutsekeka m'helemeti muja.

"Pepani mayi, kodi mwachokera ku Santhe?"

A Liness anayang'ana pansi n'kuona nsapato zazikulu za munthu wachilendo. Anakumbukira mawu a achimwene awo, akuba amayamba choncho. Sanayankhe, anangowonjezera liwiro. Misheck anayang'ana msana uja ukupita. Msana umene iye ankaudziwa unali wowerama, wa munthu wogwada m'tchire. Uwu unali wowongoka, wa mayi wa m'tauni wothamangira zake. Anapepesa n'kubwerera pa minibasi.

Abale, akanangotambasula dzanja akanagwirana.

Akulu anga ankaganiza kuti mkamwini awaona ali patali n'kutsokomola, ndiye ankayenda makutu ali tcheru, maso pa mapazi a anthu. Koma mapazi onse a Lilongwe anali m'nsapato. Poopa kuima, anatsatira gulu, gulu n'kuwatulutsa m'depoti. Gulu linawoloka msewu, nawonso anawoloka. Anapezeka ali mumsika pakati pa milu ya kaunjika, kenako kwa ogulitsa zitsulo, kenako kumtsinje kumene anthu amawolokera pa timilatho tamitengo. Anabwerera, n'kutulukira kwina, n'kubwereranso pamalo omwe aja osadziwa kuti azungulira. Dzuwa linakwera mpaka paliwombo. Thukuta linanyowetsa chitenje cha eni, kukhosi kunauma, ndipo m'makutu munkangomveka mawu aja akuti musachedwe, amayi.

Musaganize kuti Lilongwe yense ndi akuba. Mayi wina wogulitsa nthochi anawaona akudutsa mobwerezabwereza, n'kuwaitana. "Mayi, mwasochera? Takhalani apa mumwe madzi, mutiuze kumene mukupita." Akanangoti kuchipatala chachikulu, nkhani ikanathera pomwepo. Koma anapukusa mutu n'kupitirira. Nthawi ina anafika pakakona, n'kuyamba kumasula mpango wa foni, koma ataona munthu wina akuwayang'ana m'chiuno anamanganso msangamsanga. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma awa phula anachita kudyetsedwa ndi mlongo wawo.

Nthawi yonseyi Misheck ankaimba foni yawo, yothima. Kondakitala anamutsimikizira kuti inde, mayi wa ku Santhe anatsika. Kuchipatala nako, mayi wina wodikirira wodwala pa bedi loyandikana ndi la Vera ankamuimbira kuti mkazi wanu akufunsa ngati mwawapeza. Abwerere kwa mkazi wake chimanjamanja, kapena apitirize kufuna? Anaimbira ine.

"Amayi aang'ono, avala chiyani?"

"Chitenje chabuluu cha maluwa achikasu."

"Zabuluu zili mbwee kuno, amayi. Ndafunsa amayi ambirimbiri, ena anditukwana."

"Nanga bwanji osangoyang'ana nkhope, bambo Misheck?"

Iye anati, "Amayi aang'ono, nkhope yawo sindiidziwa."

Mayo ine! Ndinakuwa kuitana a Walter, amene jeke yawo inkamveka kulira kuseri. Anabwera akupukuta manja, n'kumva nkhaniyo, n'kunena kuti, "Apezana, musadandaule. Bola foni sanabedwe." Mwendo ukanakhala wabwino tsiku limenelo, sindikudziwa kuti ndikanawachita chiyani. Ndinawagenda ndi kapu, mwatsoka inaphonya.

Ndinabwerera pa foni. "Bambo Misheck, mverani. Vulani helemetiyo. Vulani nsapato. Muziyenda mukutsokomola monga munkachitira panjira ya kudimba."

"M'tauni muno, amayi?"

"M'tauni momwemo! Mukufuna ulemu wa anthu osawadziwa kapena mukufuna apongozi anu?"

Anasiya njinga ndi nsapato kwa mnzake wa kabaza n'kuyamba. Tangoganizani, bambo wamkulu wopanda nsapato, phula likutentha, akuzungulira depoti ya Lilongwe uku akutsokomola. Oitanira minibasi anaseka mpaka kugwira m'mimba. Ena anati wapenga. Amayi ankatseka mphuno ndi zitenje, wina n'kumukuwiza kuti apite kuchipatala ndi chifuwa chakecho asanapatsire anthu. Iye sanasiye. Anamaliza depoti, n'kuwoloka msewu, n'kulowa mumsika, kukhosi kutayamba kupweteka zenizeni. Anatsikira cha kumtsinje, pa kanjira kopanikiza pakati pa mabenchi a tomato, pamene anthu amayenda mokankhana. Anatsokomolanso.

Kutsogolo kwake mayi wina anaima chilili. Kenako anapatuka, n'kulowa m'matope pakati pa mabenchi, n'kufulatira, n'kugwada chikwama chili pachifuwa.

Mu Lilongwe yense, ndi chinamtindi chonse chija, munthu mmodzi yekha ndi amene anapatuka. Misheck anauzindikira msana uja. Nayenso anagwada chapatali, m'matope momwemo, ogulitsa tomato atangoti kukamwa yasa. A Liness anasuzumira pansi cham'mbali n'kuona chala chong'ambika chija.

"Amayi, ndine," anatero Misheck, ndipo aka kanali koyamba kuwalankhula popanda khoma akudziwa kuti ndi iwo. "Nthawi yatha. Vera akudikira."

Atafika pa njinga, akulu anga anaima. Kukwera kumbuyo kwa mkamwini, thupi kukhudzana? Anafunsa akuyang'ana pansi ngati kulibe minibasi. Misheck anati minibasi imadikira kudzaza, ndipo pamsewu magalimoto athithikana. "Amayi, mwambo tidzaupepesa mawa," anatero. Anakwera chammbali atagwira chitsulo cha kumbuyo. Pokhota poyamba anatsala pang'ono kugwa, ndipo anagwira jekete la mkamwini ndi manja onse awiri. Jekete lake ndi lomwelo munaliona pa Santhe.

Anathamanga m'makonde a chipatala, Misheck patsogolo, iwo pambuyo. Pa bedi la Vera anapeza chitenje chake chopindidwa, ndi mapatapata pansi. Mayi wa bedi loyandikana uja anaimirira.

"Ndinu amayi ake? Angomutenga kumene. Zinthu zinasintha, anamwino anati sangadikirenso. Maso ake anali pakhomo pokhapokha, aliyense wolowa ankadzutsa mutu. Pomukankha pa kabedi ka matayala anagwira dzanja langa ine, n'kunena kuti, amayi akafika muwauze kuti ndinadikira."

Anakakhala pa benchi kunja kwa chipinda cha opaleshoni, uyu kumapeto uku, awa kumapeto uko, chikwama cha matewera chili pakati, onse maso pansi. Patapita nthawi namwino anatuluka n'kunena kuti kwabadwa mwana wamkazi, wamoyo, akulira bwino. Anafunsa za mayi wake, namwino anati adikire. Anadikira. Dzuwa litapendeka kwenikweni, anatuluka dokotala n'kufunsa kuti mwamuna wake ndi uti. Anati ayesetsa mmene akanathera, koma Vera sanadzuke.

Misheck analira kulira kumene akulu anga akuti sanakumvepo kwa munthu wamwamuna. Ndipo pamenepo, osaganiza n'komwe, anatembenuka n'kumuyang'ana. Akuti anaona kamnyamata chabe, ka mpata kumano, ka chipsera pachipumi, mwana wa eni amene wataya zonse. Anayang'ananso bwinobwino nsapato zazikulu zija, zimene anali atavalanso.

"Bambo, kodi ndinu munandifunsa za Santhe nditangotsika?"

Misheck anadzutsa maso n'kuwayang'ana, koyamba nayenso. Anayang'ana chitenje chabuluu chija. "Munali inu, amayi?"

"Ndinali ine."

Anachotsa chikwama pakati, n'kusendera, n'kumugwira dzanja. Dzanja limene anabwera nalo kudzagwira mwana wawo linagwira mkamwini, ndipo sanalisiye mpaka atawaitana kukaona khanda.

Ine sindikunena kuti akanafika msanga Vera akanachira, zimenezo adziwa ndi Mulungu. Ndikunena kuti mwana anapempha dzanja la amayi ake n'kugwira la mlendo, mwamuna wake ali kutali akutsokomola mumsika, pamene nthawi inalipo yokwanira. Ndiye pa maliro a Walter anaimirira monga eni mbumba, n'kukonza kukhosi, n'kunena pamaso pa anthu kuti, "Tauni ndi yoipa, ine ndinanena." Anachita kundigwira amayi a kumpingo, ndodo yanga ili m'mwamba. Mpaka lero sindiwapatsa moni, ndipo tiyi wanga akamufuna akagule kwina.

Khandalo analitcha Clara, ndipo amene akulilera ndi a Liness. Amasankha fodya ali nalo kumbuyo. Misheck amabwera pafupipafupi ndi mkaka ndi sopo. Ulendo woyamba atatha maliro anatsokomola ali panjira monga kale, ndipo akulu anga anatuluka m'chigafa n'kuima pakati pa njira. Ndinalipo, ndinamva ndi makutu angawa. "Bambo a Clara, chifuwa chimenecho chithere pomwepo. Mukamabwera muzingoti odi, ndipo muzindiyang'ana." Munthu amene sanatsutsepo mwamuna aliyense moyo wake wonse! Anamuyalira mphasa, n'kukhala pomwepo. Anthu akati mwanayu wafanana ndi ndani, amayankha okha kuti chipumi ndi mphuno n'za bambo wake, chifukwa tsopano akudziwa.

Umenewo ndiwo mwambo umene mukuti ataya. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. A Walter akadali kupereka malangizo awo pansi pa mtengo wa mango, ndipo ofuna amamvera. Koma mwezi wathawu mmodzi wa inu nomwe, dzina sinditchula, akudzidziwa, anaitanidwa ku Lilongwe koyamba kukaona mdzukulu. Anazemba anzake a pamjigo n'kukalowa m'chigafa mwa akulu anga kukafunsa mmene angayendere. Ine ndinali momwemo ndikuthandiza kumanga fodya.

A Liness sanasiye kusankha masamba. Anati foni isathime, ndipo mukasochera funsani amayi ogulitsa nthochi, ndi anthu ngati ife tomwe. Kenako anafunsa kuti, "Akukakuchingamirani ndani?"

"Apongozi anga, amuna ake a mwana wanga."

"Nkhope yawo mukuidziwa?"

Mayiyo anaseka, n'kubisa kukamwa ndi chitenje. Ataona kuti akuseka yekha, anasiya.

"Muyambe mwaidziwa musanakwere," anatero a Liness, uku akukweza Clara kumsana. "Ine ya mkamwini wanga ndinaidziwa mwana wanga atapita kale."